Hackathon yathu yoyamba ndi kafoni ka agogo

Mawu akuti hackathon ataoneka pa bolodi la zidziwitso, makolo ena anafunsa ngati sukulu yayamba kuphunzitsa ana kuthyola makompyuta a eni ake. Funsoli linali lomveka, chifukwa pa wailesi timamva za hacker pokhapokha ndalama za munthu zikasowa mu foni. Koma pakati pa olemba mapulogalamu mawuwa ali ndi tanthauzo lina lakale: kulumikiza zimene uli nazo mwachangu ndi mwanzeru kuti zigwire ntchito, monga amachitira wokonza njinga pamsika akasowa chitsulo choyenera. Theka lina la dzinali lachokera ku marathon, mpikisano wothamanga mtunda wautali uja. Umodzi mwa misonkhano yoyamba kutchedwa dzinali unachitika mu June 1999 mumzinda wa Calgary ku Canada, pomwe anthu 10 olemba pulogalamu ya OpenBSD anasonkhana kuti agwire ntchito pamodzi.

Masiku ano m'mayunivesite a kunja ophunzira amatsekeredwa muholo maola 24 kapena 36, ambiri osagona, ndipo pomaliza gulu lililonse limaonetsa chimene lapanga. Zina zimakula ndithu. Pulogalamu yotumizirana mauthenga ya GroupMe inabadwira pa hackathon ku New York mu 2010, ndipo chaka chotsatira kampani ya Skype inaigula. Kuno kwathu, mHub ya ku Lilongwe, imene anayambitsa Rachel Sibande, yakhala ikuphunzitsa ana ndi atsikana kulemba mapulogalamu.

Yathu sinali ya usiku. Makolo ndi a komiti ananeneratu kuti palibe mwana wogona pasukulu. Choncho tinkayamba 8 koloko m'mawa, Loweruka ndi Lamlungu, kupumira pa swala ya Dhuhr ndi chakudya chamasana, kupumiranso pa Asr, ndipo Maghrib inkatipeza tili kunyumba. Ena mwa ife a Fomu 3 tinang'ung'udza kuti imeneyi si hackathon yeniyeni. Aphunzitsi a kompyuta anawonjezera malamulo ena awiri. Gulu lililonse la anthu asanu likhale ndi awiri a Fomu 1 kapena Fomu 2 amene sanalembepo pulogalamu. Ndipo maola atatu oyamba makompyuta akhale ozimitsa, gulu likambirane kaye vuto limene likufuna kuthetsa ndi mwini wake wa vutolo.

Gulu lathu linasankha vuto limene kholo lililonse likulidziwa. Kalata za ku ofesi zimathera m'zikwama zathu. Zina zimanyowa ndi mvula, zina zimakulungidwira mandasi, ndipo zina, tinene zoona, zimasowa dala ngati zikunena za zotsatira za mayeso. Msonkhano wa makolo ukafika, mipando theka imakhala yopanda anthu. Maganizo oyamba anali pulogalamu yokongola ya pafoni, yokhala ndi chizindikiro cha sukulu pamwamba, yoti kholo lizitsegula ndi kuwerenga zidziwitso zonse.

Mtsikana wa Fomu 1 wa m'gulu lathu anali asanayankhule chiyambire m'mawa. Atafunsidwa maganizo ake, anati iye amakhala ndi agogo ake, ndipo foni ya agogowo ndi ya mabatani. Intaneti salowapo. Koma *211# ya Airtel Money amaidziwa pamtima, ndipo uthenga wa SMS ukalowa amaitana mdzukulu kapena mwana wa oyandikana nawo kuti awawerengere nthawi yomweyo. Kenaka anafunsa kuti, “Nanga agogo anga aziitsegula pati pulogalamu yanuyo?”

Apa ndi pomwe lamulo lobwerera kunyumba linatithandiza. Madzulo a Loweruka aliyense anakafunsa kwawo. M'makomo athu asanu, atatu muli foni yolowa pa intaneti, koma mwa awiri bandulo imagulidwa mwa apo ndi apo, ndipo ina imakhala ndi achimwene amene amachoka m'mamawa kupita kugeni. SMS yokha ndi imene imafika pakhomo lililonse. Mayi ake a mnzathu wina anawonjezera kuti uthenga uziyamba ndi dzina la sukulu, chifukwa mauthenga a akuba onamizira kuti atumiza ndalama molakwika achuluka, ndipo nambala yachilendo iwo amangoifufuta. Tikanatsekeredwa muholo usiku wonse, zimenezi sitikanazimva kwa aliyense.

Lamlungu tinagwiritsa ntchito MIT App Inventor, chida chaulere chimene chinayambira ku Google ndipo tsopano chimasamalidwa ndi yunivesite ya MIT ku America. Simulemba mizere yovuta ya khodi. Mumakoka timabokosi ta mitundumitundu ndi kutilumikiza ngati njerwa: batani ili likadinidwa, tenga manambala a makolo a Fomu 2, tumiza uthenga uwu kwa aliyense. Bokosi limene silikuyenera pamalopo limakana kulowa, choncho woyamba kumene sataya ola lonse kufunafuna kadontho kamodzi koiwalika. Chimafuna intaneti popanga, koma pulogalamu ikalowa mu foni ya Android imatumiza SMS ndi mayunitsi wamba. Foni imodzi ya ku ofesi ndi yokwanira, ndipo makolo safunika kusintha mafoni awo.

Ntchito yovuta kwambiri inagwera ang'onoang'ono aja. SMS imodzi imalola zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Yesani kuika m'menemo moni waulemu, dzina la sukulu, tsiku, nthawi ndi cholinga cha msonkhano, muone mmene Chichewa chathu chimatalikira. Anafufuta ndi kulembanso papepala kasanu ndi kawiri, akuwerenga zilembo ndi chala. Atalembanso uthenga womwewo m'Chiyao chifukwa cha agogo ena, foni inayamba kuudula zidutswa zitatu. Tinaganiza kuti pulogalamu yasokonekera. Aphunzitsi ndi amene anatiunikira: chilembo cha ŵ, chokhala ndi kadenga pamwamba, sichili pa mndandanda wa zilembo zimene SMS inapangidwira. Chikangolowa kamodzi, malire amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndipo chidutswa chilichonse chimalipiridwa pachokha. Tinakangana pang'ono ngati tilembe molondola ndi kulipira zambiri, kapena tichotse kadengako. Tinachotsa, ngakhale mmodzi wa ife sanakhutire mpaka lero.

Magetsi anazima kwa ola limodzi ndi theka, ndipo magulu onse anapitiriza pamapepala. Gulu lina linapanga kaundula wa mabuku obwerekedwa ku laibulale. Lina linapanga masewera ophunzirira zizindikiro za Chemistry pa Scratch, imene imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo ndi limene linapambana. Anayeneradi, chifukwa awo anali omalizika, ndipo oweruza anavuta kuwachotsa pa kompyutapo.

Ife tinapatsidwa mphindi zitatu. Tinadina batani, ndipo mafoni a oweruza onse atatu analira pamodzi, kuphatikizapo ka mabatani ka bambo mmodzi wa komiti. Iwo anawerenga, kenaka anafunsa mafunso awiri: manambala a makolo onse akakhala mu foni imodzi, aziisunga ndani ndipo ikabedwa chichitike n'chiyani? Nanga mayunitsi azichokera m'thumba liti? Loyamba tayamba kuligwirira ntchito poika nambala yachinsinsi potsegula pulogalamu. Lachiwiri si la ana asukulu, tikulisiya m'manja mwa ofesi ndi komiti.

Kwa inu makolo amene mukuda nkhawa ndi MSCE, sitikunena kuti masiku awiri asandutsa aliyense katswiri. Koma a Fomu 1 aja amene ankaopa kugwira kiyibodi akhala akubwera ku kalabu ya kompyuta Lachitatu lililonse chichitikire zimenezi, ndipo makompyuta ogwira ntchito ndi ochepa moti amakhala atatuatatu pa imodzi. Tikupempha komiti kuti itilolenso kuchita hackathon ina teremu ikubwerayi, pa malamulo omwewo, kuphatikizapo lobwerera kunyumba. Tikupemphanso amene ali ndi foni yakale ya Android ikungokhala m'kabati, ngakhale ya sikirini yong'aluka, aipereke kwa aphunzitsi a kompyuta atachotsamo zithunzi ndi manambala ake. Nthawi ino magulu asanu ndi limodzi amadikirirana pa mafoni awiri okha poyesa zimene apanga.