Nyimbo ya Mphunzitsi Sontonga

Mnzanga wa m'kwaya, kodi udziwa kuti maimbidwe a nyimbo ya fuko lathu anacokera ku mishoni? Mu 1897 Enoch Sontonga, mphunzitsi pa sukulu ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, anapeka nyimbo ya pemphero m'Cixhosa. Sanadzipempherere yekha iai, anapempherera Afirika yense. Anamwalira mu 1905 osadziwa kumene nyimbo yake idzafika.

Mu 1925 a ANC anaisandutsa nyimbo yotsekera misonkhano yao. M'zaka za tsankho anthu akuda anali kuiimba pa misonkhano ndi pa maliro a ophedwa ndi apolisi, ndipo mitima inali kulimba. Ifenso titalandira ufulu mu 1964 tinatengako maimbidwe ake.

Tsono ine ndikamvetsera nyimbo zambiri za Uthenga Wabwino masiku ano, mtima umandiwawa. Mau ake okoma ndithu, zoimbira zamakono, koma nkhani ndi dalitso langa, galimoto yanga, adani anga agwe. M'komboni mwathu muli ana amasiye ogona ndi njala, atsikana okwatiwitsidwa asanatsirize sukulu, anyamata amene kacasu wawatha. Kodi kwaya yako ili nayo nyimbo ngakhale imodzi yowachula amenewa pamaso pa mpingo?