Unamwino: Mvula ndi Matope Ake

Kwathu kuno ku Dedza, mwana akakhoza mayeso a Fomu 4, ntchito zimene makolo amathamangira kutchula ndi uphunzitsi, upolisi ndi unamwino. Ndi ntchito zimene anthu akumudzi amaziona ndi maso awo, pakuti mphunzitsi, wapolisi ndi namwino ndiwo antchito a boma amene amakhala pafupi nafe. Mwa ntchito zitatuzi, unamwino ndiwo umasiririka kwambiri. Yunifomu yoyera ija imaonekera patali, ndipo mayi aliyense amene adachirira kuchipatala saiwala nkhope ya munthu amene adamulandirira mwana. Chodabwitsa n'chakuti mukafunsa anthu omwewo kuti antchito amwano kwambiri ndi ati, ambiri amatchulanso anamwino.

Ine si mwana wongotuluka kumene m'Fomu 4 ayi. Ndine bambo wa ana awiri, ndipo kwa zaka 9 tsopano ndakhala ndikugwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi ya kumapiri kuno. Ndimayeza ana pasikelo, ndimapereka katemera, ndimalondola odwala chifuwa chachikulu amene aleka kumwa mankhwala, komanso ndimakangana ndi mafumu pa nkhani ya zimbudzi. Ndidalembanso mayeso a MSCE kudzera kusukulu yamadzulo ndipo ndidakhoza bwino Chingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Tsopano ndili ndi mwayi wofunsira malo kusukulu ya unamwino ndi uzamba, ndipo nkhaniyi yandisowetsa tulo kwa miyezi ingapo.

Njira yake ndikuidziwa. Sukulu zambiri za unamwino m'dziko muno zili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, monga ya ku Nkhoma yomwe ili pafupi nafe, ya St Luke's ku Malosa, ya Holy Family ku Phalombe ndi ya ku Ekwendeni. Kumeneko munthu amaphunzira zaka zitatu n'kutuluka ndi dipuloma ya unamwino ndi uzamba. Wofuna digiri amaphunzira zaka zinayi, mwachitsanzo ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, sukulu imene idayamba mu 1979. Akamaliza zonsezi, munthu sakhudza wodwala payekha kufikira atakhoza mayeso a bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba, la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe lidayamba mu 1966. Kwa mnyamata wosakwatira zaka zitatu si kanthu. Kwa ine zikutanthauza kuti munda wa kachewere utsala m'manja mwa mayi akunyumba okha, ndipo matumba amene timadyera ndi kuvalira adzisanduka fizi.

Nkhani yotere sagamula munthu mmodzi, choncho ndidakaitula kwa amalume, eni mbumba yathu. Adandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Mphwanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ntchito uli nayo kale. Nanga ana aja adamaliza unesi koma akungokhala pakhomo, suwaona?"

Sindidathe kuwatsutsa. Dziko lathu lili ndi vuto lomvetsa mutu: m'mawodi anamwino ndi operewera, koma kunja kuli anamwino ambiri a mapepala awo amene amadikira zaka asanalembedwe ntchito, chifukwa boma limati lilibe ndalama zowalipira. Bungwe lomenyera ufulu wa anamwino ndi azamba la NONM lakhala likudandaula za zimenezi kawirikawiri. Mbiri yake ndi yaitali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anamwino athu mazanamazana adapita ku Britain kukasaka malipiro abwino, ndipo mawodi adatsala pululu pa nthawi yomwe Edzi inkapha anthu tsiku ndi tsiku. Mu 2005 boma, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund, lidawonjezera malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 peresenti ndipo lidachulukitsa ophunzira m'sukulu za unamwino. Ophunzira adachulukadi, koma ndalama zowalembera ntchito sizidakule mofanana. Atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya ndalama za boma ku zaumoyo, lonjezo lomwe maiko ambiri, kuphatikizapo lathu, amavutika kulikwaniritsa. Ndipo amene ali kale pantchito adaona malipiro awo akusungunuka pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Wolowa unamwino kuti alemere wasokera njira.

Amayi anga nkhawa yawo inali ina. Atamva kuti maphunzirowa ndi ophatikiza ndi uzamba, adagwira pakamwa. "Mwananga, mwamuna salowa m'chikuta. Mukufuna muzikaona zimene ngakhale malemu bambo anu sadaone?" Kwa iwo kubereka ndi chinsinsi cha amayi, ndipo dzina lenilenilo lakuti namwino limamveka lachikazi, ngati Nabanda kapena namkungwi. Ndidawakumbutsa mwaulemu kuti anamwino aamuna ali kale m'zipatala zathu, ndipo ambiri a iwo amabereketsa. Adangoti, "Ana a eni ake amenewo," n'kupitiriza kusankha nyemba zawo. Mawu awo sindidawapepule, chifukwa ndikudziwa kuti alipo amayi ena amene amachita manyazi kuvula pamaso pa mwamuna, ndipo manyazi amenewo ndi oyenera kuwalemekeza. Amayi a kusikelo kwanga nditawafunsa, ena adati akadakonda mzimayi mnzawo, koma ambiri adati pamene zinthu zavuta chimene amayang'ana ndi manja odziwa ntchito ndi pakamwa pofatsa.

Koma chimene chimandiopsa ine mwini si ndalama kapena chikuta. Ntchito yanga yandiika pafupi ndi anamwino kwa zaka zambiri, ndipo ndaona m'mene ntchitoyi imadyera munthu. Pachipatala chaching'ono chakumudzi pamatha kukhala anamwino awiri okha, ndipo mmodzi akapita kumaliro kapena kumaphunziro, wotsalayo amagwira usana ndi usiku. M'mawa ali kusikelo ya amayi oyembekezera, masana akupereka njira zolerera ndi ma ARV, usiku mlonda akugogoda pazenera kuti kwabwera matenda pangolo. Ndidagwirapo tochi ya foni yanga kuwunikira namwino wina akusoka mayi amene adang'ambika pobereka, magetsi atazima, ambulansi ikuti ilibe mafuta. Mankhwala akatha m'sitolo, wodwala sapita kukakalipira akuluakulu ku Lilongwe. Amakalipira namwino amene wamuuza kuti akagule yekha. Mwana akamwalira, m'mudzi mumamveka dzina la namwinoyo.

Palinso matenda. Namwino amapuma mpweya umodzi ndi wodwala chifuwa chachikulu, ndipo singano yobayira wodwala imatha kumulasa iye mwini. Mu April 2020, mliri wa Covid-19 utangofika m'dziko muno, antchito a zaumoyo m'zipatala zingapo adanyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udapha anthu oposa 1,700, ndipo amene ankagona m'mahema a odwalawo, kusintha madiripi usiku wonse, anali anamwino.

Munthu akatopa chotere kwa zaka khumi, mtima umachita chikanga ngati phazi loyenda pansi. Ndikuganiza kuti mwano wambiri umene anthu amadandaula umabadwira pamenepa. Sindikuikira kumbuyo namwino wotukwana mayi amene ali pa ululu wobereka, pakuti kutopa sikupatsa munthu chilolezo chonyoza mnzake. Ndikungonena kuti ambiri mwa iwo adalowa ntchitoyi ali anthu okoma mtima ngati inu ndi ine. Funso limene ndimadzifunsa ndi lakuti, kodi ine ndidzatha kusunga ulemu wanga pa wodwala wa nambala 100 monga ndidachitira pa woyamba m'mawa?

Tsono n'chifukwa chiyani sindikungoileka nkhaniyi? Yankho lili m'malire a ntchito imene ndikugwira panopa. Kuno kumapiri, m'miyezi ya June ndi July kumazizira koopsa, ndipo chibayo chimagwira ana ambiri. Mayi akabwera ndi mwana wobanika, ndimadziwa kuwerenga kapumidwe kake ndi kumupatsa mankhwala oyamba. Koma nthiti zikayamba kulowa m'kati, mphamvu zanga zathera pomwepo. Ndimalemba kalata yomutumiza kuchipatala, n'kutsala ndikuyang'ana mayiyo akutsetsereka phiri mwana ali kumsana. Mayi akataya magazi atangobereka, ine ndingathe kuthamangira njinga basi. Namwino amadziwa kusisita chiberekero kuti chikhwime, kubaya jakisoni woletsa magazi ndi kuika diripi. Mayi woyembekezera akayamba kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, namwino amadziwa mankhwala ake ndi muyeso wake. Khanda likabadwa osalira, iye amadziwa kulipopera mpweya m'mphindi yoyamba yomweyo. Zinthu zimenezi n'zophunzirika, ndipo pamalo pamene dokotala ali kutali, moyo wa munthu umakhala m'manja mwa amene adaziphunzira.

Zipatso za nzeru zimenezi zimaoneka ngakhale m'chiwerengero. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2004 adapeza kuti pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439. Mu 1992, pa ana 1,000 alionse, 234 ankamwalira asanakwane zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 anali 63. Mu 2011 dziko la Malawi lidakhala loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV pa ma ARV a moyo wake wonse, ndipo m'zipatala zakumudzi ntchito imeneyi idagwera kwambiri anamwino. Lero ndimayeza ana athanzi obadwa kwa amayi amene kale tikadawalira maliro. Sindikuti zonsezi adachita anamwino okha, koma popanda iwo sizikadatheka.

Pali mfundo ina imene imandilasa mtima. Mu 2007 boma lidaletsa azamba akumudzi kubereketsa, ndipo ife alangizi pamodzi ndi mafumu tidayenda mudzi ndi mudzi kuuza amayi kuti azikachirira kuchipatala. Amayi adamvera. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Boma la Dedza lokha linali ndi anthu oposa 830,000 pa kalembera wa 2018, kuchokera ku Mtakataka kunyanja mpaka ku Lobi ndi ku Chimoto kumtunda, ndipo pamwamba pa amenewa pali abale athu a ku Angonia m'dziko la Mozambique amene amadumpha malire kudzafuna thandizo kuno. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene adauza amayi kuti asiye chikuta cha agogo awo apite kuchidikiro. Ngati akafika kumeneko n'kupeza namwino mmodzi wotopa, kapena osapeza aliyense, ndiye kuti tidawalonjeza chinthu chimene sitidakonzeke kupereka. Pakufunika anthu owalandira, ndipo sindikuona chifukwa choti anthuwo akhale ana a eni ake okhaokha.

Chaka chilichonse pa 12 May, tsiku lobadwa la Florence Nightingale, akuluakulu amalankhula m'misonkhano kuti unamwino ndi maitanidwe. Mawuwa ndi okoma, koma ndimawakayikira akamatuluka m'kamwa mwa amene ali ndi udindo wolipira, chifukwa nthawi zina amatanthauza kuti namwino apirire osadandaula. Nightingale mwini wake sadangoyenda ndi nyali pakati pa asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Crimea m'zaka za m'ma 1850. Adawerenga imfa, adalemba malipoti, ndipo adavutitsa akuluakulu a boma la Britain kufikira zipatala zitakonzedwa. Namwino wabwino amakonda odwala ake, ndipo chikondi chomwecho chimamukakamiza kufunsa chifukwa chimene magolovesi athera.

Mayi akunyumba ndiwo adandithandiza kumanga mfundo. Adati, "Bambo a ana, kachewere ndilima, sindidayambe lero. Koma mukavala yunifomuyo musadzaiwale kuti nanenso ndidagonapo pansi m'wodi muja." Choncho mafomu ndikatenga. Mwina sadzanditenga chaka chino, mwinanso ndikadzamaliza ndidzadikira ntchito monga amalume adachenjezera. Amayi anga sadavomere, koma aleka kukana, ndipo kwathu kuno zimenezo n'zokwanira kuti mwana anyamuke.

Kwa inu achinyamata amene mukusirira yunifomu yoyera, langizo langa ndi limodzi. Musanalembe kalata yofunsira malo, kadikirireni m'bale wanu wodwala m'wodi kwa mausiku atatu. Mukagone pansi pamodzi ndi magadiyani anzanu, mukanunkhize fungo lake, mukaone namwino m'mbandakucha pamene tulo tamulemera ndipo odwala atatu akumuitana nthawi imodzi. Mukatuluka m'menemo mukufunabe kukhala iyeyo, pitani mukaphunzire, dziko likukufunani. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ine matopewo ndawaona kwa zaka 9, ndipo mvulayo ndikuifunabe.