Pansi akudya, pamwamba akusaka tulo

Ukatsika sitima pa siteshoni ya Corvisart mumzinda wa Paris, umakwera masitepe odutsa kunsi kwa nyumba yosanja, kenako kamtunda pang'ono, basi wafika ku Butte-aux-Cailles. Nyumba zambiri kuno n'zazifupi chifukwa pansi pa kaphirika pali maenje omwe ankakumbamo miyala kalekale, moti nthaka yake singasenze zinyumba zolemera. Misewu ndi yopanikiza. Masana kumakhala bata, anthu akutunga madzi a m'chitsime chakuya pampope wa pa Place Paul-Verlaine.

Ndinafikako Lachisanu madzulo, kumayambiriro kwa Juni, nyengo imene dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko. Mu Rue de la Butte-aux-Cailles matebulo anali atadzaza khonde lililonse, ena atatsikira mumsewu, pamalo oimikapo galimoto pomwe anayalapo matabwa. Woperekera zakudya ankadutsa chammbali, mbale zitatu padzanja limodzi, akulambalala zikwama ndi agalu ogona kunsi kwa mipando. Fungo la adyo ndi nyama yokazinga linali ponseponse. Kunena zoona, malowa ndi okoma, ndipo nanenso ndinakoka mpando.

Chinandidabwitsa n'chakuti kunalibe chimkuzamawu ngakhale chimodzi. Panalibe amene ankakuwa. Awa akuseka, awo akugundanitsa matambula, wina akukoka mpando wachitsulo pamiyala, koma zonsezi zikaphatikizana pakati pa makoma oyandikana chonchi zimasanduka mkokomo ngati wa mvula padenga la malata. Ndiye ukweze maso. Pamwamba penipeni pa tebulo langa panali zenera lotsekula, katani akuuluzika, kamalaya ka mwana katayanikidwa pachitsulo. Nyumba zambiri za ku Paris zilibe makina oziziritsa mpweya, choncho wokhala m'chipindamo akatseka zenera aphika ndi kutentha, akatsekula amva nkhani zathu zonse mpaka nthabwala zosaseketsa zomwe.

Gwero la phokosoli ndi lodziwika. Mu Januwale 2008 dziko la France linaletsa kusuta fodya m'mabala ndi m'malesitilanti, osuta n'kutulukira panja ndi matambula awo. Mu 2020, pofuna kupulumutsa mabizinesi omwe Covid-19 inawagwetsa, khonsolo ya mzindawu pansi pa meya Anne Hidalgo inalola kuti matebulo afalikire m'misewu. Chaka chotsatira chilolezocho anachikhazikitsa: kuyambira pa 1 Epulo mpaka pa 31 Okutobala chaka chilichonse, koma matebulo oonjezerawo azichotsedwa 10 koloko usiku. Eni malo amati popanda mipando yapanja antchito ena awachotsa ntchito. Okhala m'nyumbazi, ena mwa iwo kudzera m'gulu la Droit au Sommeil, amati tulo si chinthu chopempha. Bungwe la Bruitparif linapachika m'madera ena a chisangalalo timakina ta mamaikolofoni anayi toyeza phokoso ndi kuloza komwe likuchokera. Kuyeza timayezadi, koma nanga mlandu uupereke kwa yani pamene wolakwa ndi khwimbi lonse?

10 koloko itakwana ndinaonerera operekera zakudya akusanjikiza mipando ya mumsewu n'kuimanga ndi tcheni. Lamulo analitsata bwinobwino. Koma lamulolo limachotsa mipando, anthu ayi. Makasitomala anangoimirira, tambula kumanja, ndudu kumanzere, n'kuunjikana pakhomo, pakuti mabala ambiri ali ndi ufulu wogulitsa mpaka 2 koloko m'bandakucha. Munthu akaimirira pagulu mawu amakwera, makamaka vinyo akayamba kugwira ntchito.

Pakona ya Rue des Cinq-Diamants mayi wina anasuzumira pazenera atavala zogonera, osalankhula kanthu, kungopinda manja. Mnyamata woperekera mowa atamuona anatuluka msangamsanga, chala pakamwa, akuloza m'mwamba. Gulu lija linachita manyazi, mawu n'kutsika. Sipanathe mphindi ziwiri, wina anatulukira ndi keke ya makandulo oyaka, onse n'kuyamba kumuimbira mnzawo nyimbo ya tsiku lobadwa, a pabala loyandikana nawonso n'kulowerera.