Nyimbo za m'Cigwa ca Grand Canyon

Kumpoto kwa cigawo ca Arizona, m'dziko la Amereka, kuli cigwa cochedwa Grand Canyon, cimene cinakumbidwa ndi mtsinje wa Colorado. Kutalika kwace ndi makilomita 446, ndipo pena cimazama mamita 1,800. Wotsika ndi bwato mu mtsinjewo amatha masiku ambiri osaona mudzi, koma matanthwe ofiira okhaokha kuno ndi uko.

M'menemo ndimo analowa Bambo Paul Winter, woimba lipenga la saxophone, ndi anzao, atanyamula zoimbira ndi makina ojambulira mau. Ankakoceza bwato ndi kulowa m'tizigwa ta m'mbali, kufunafuna pamene thanthwe limayankha bwino. Lipenga likalira pamalo potero, mau ace amabwerera mocedwa, tsono woimba sangathamange ai. Ayenera kudikira kuti thanthwe limalize kulankhula. Nyimbo zao zambiri nzodekha, zoyenda pang'onopang'ono. Wofuna gule akafune kwina.

Mkokomo wa madzi ndi kulira kwa mbalame anazisiya momwemo. Nyimbozo zinatuluka mu 1985 pa mbale yochedwa Canyon, zina atazijambulira m'chalichi ca St John the Divine ku New York.