Mpini wa khasu la agogo

Mtsikana wina wa ku Domuè atapita ku Maputo kukaphunzira pa sukulu ya zaumoyo ya ISCISA, kumudzi ankati akabwera ali namwino. Koma iye anasankha Terapia Ocupacional, ntchito yophunzitsa munthu wolumala kapena wofa ziwalo kuyambanso kudya yekha, kuvala, kusamba ndi kugwira ntchito zake.

Maphunzirowa sathera m'kalasi. Wophunzira ayenera kuchita kafukufuku wakewake, kulemba monografia ndi kukayankha mafunso pamaso pa aphunzitsi asanalandire digiri. Ngakhale ku America, ofuna digiri ya udokotala pa ntchitoyi amatha masabata 14 pa ntchito yotsekera maphunziro.

Anzake anasankha mitu ya m'zipatala za mumzinda. Iye anakumbukira agogo ake aamuna, amene dzanja lamanja linafooka ndi sitiroko mpaka kusiya dimba lawo la mbatatesi. Ena ankati awalodza. Agogowo ankangokhala pakhonde kuonerera anzawo akupita kumunda, ndipo chakudya chinayamba kuwakanika.

Atafika ndi kope lake, anthu anachita mantha. Amene anathawira ku Dedza pa nkhondo imene inatha mu 1992 sakonda mlendo wolemba mayina. Anayamba wapita kwa amfumu kukafotokoza kuti lamulo la kafukufuku silikakamiza munthu, ndipo dzina la woyankha limabisidwa.

"Mdzukulu wanga, mafunso onsewa alima munda?" anafunsa agogo.

"Agogo, tagwirani khasuli ndione."

Anaona kuti zala zawo sizipinda mokwanira kugwira mpini woonda. Anadula chubu chakale cha njinga n'kukulunga pampini mpaka unanenepa. Anachitanso chimodzimodzi pa sipuni ndi pa chikwanje. M'mawa uliwonse ankalemba nthawi imene agwira ntchito asanatope, kenaka anayesa njirayi kwa odwala ena a m'midzi yoyandikana.

Dzanja la agogo silinachire, ndipo monografia inanena zimenezo mosabisa. Inanenanso kuti analima mizere yawo okha, pang'onopang'ono, n'kuyamba kudya bwino. Aphunzitsi anamufunsa mafunso ambiri ndipo anakhoza.

Tsono wophunzira wotere akafika pakhomo ndi kope, mpatseni mkeka. Funsani kuti kafukufukuyo ndi wa chiyani, ndipo akamaliza adzabwere kudzanena zimene wapeza. Agogo aja safunsa za digiri. Amangokumbutsa adzukulu kuti chubu chikatha asachitaye.