Agogo a Thiramu a ku Chisenga

Ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, kulibe njanji ndipo sikudakhaleko njanji. Sitima ya m'Malawi muno idafika ku Blantyre mu 1908, idakwawa mpaka ku Salima mu 1935, idalowa mu Lilongwe mu 1979 n'kupitirira ku Mchinji, koma Chigawo cha Kumpoto sichidamvepo kulira kwake. Komabe m'dera lomweli mudakhala mkulu wina amene mtima wake udali panjanji kwa zaka zoposa 60. Ana adawatcha Agogo a Thiramu, ndipo dzinalo lidamera mizu mpaka akuluakulu anzawo adayamba kuwaitana momwemo. Dzina lawo lenileni likhale kwa abale awo, pakuti dzina la womwalira satchulatchula pamsewu.

Inu adzukulu amene mudabadwa foni zitafika kale, dziwani kuti boma la Chitipa linkatchedwa Fort Hill, ndipo kumeneko kudali malo a Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Mnyamata akapimidwa n'kupezeka wamphamvu, ankakwera ndege mpaka ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, kenako sitima mpaka ku Johannesburg. Mkuluyu adapita choncho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ankakonda kuseka kuti adakwera ndege asadakwerepo njinga. Za mumgodi sankanena zambiri. Ukawafunsa ankangotchula kutentha, fumbi, ndi anzawo amene chifuwa chidawatsata mpaka kumudzi. Koma ukatchula tsiku la Sabata, pamene munthu ankatuluka m'komboni chiphaso chili m'thumba n'kulowa m'tauni, nkhope yawo inkamasuka ngati mwana waona mayi ake akuchokera kumsika.

Thiramu ankaifotokoza motere. Ndi ngolo yaitali yansanjika, anthu pansi anthu pamwamba, yoyenda panjanji zokwiriridwa pakati pa msewu weniweni umene galimoto ndi anthu akudutsa. Ilibe malasha, ilibe petulo, ilibe utsi. Pamwamba pa msewu pamadutsa waya wa magetsi, ndipo padenga la thiramu pali mtengo wachitsulo wopendekera kumbuyo umene nsonga yake imakhudza wayayo. Magetsi amatsika ndi mtengowo, amazunguza magudumu, n'kubwerera kwawo kudzera m'njanji zomwezo. Woyendetsa alibe chiwongolero, chifukwa njanji ndizo zimadziwa njira. Iye ali ndi zogwirira za liwiro ndi mabuleki, ndi belu loponda ndi phazi. Mvula ikagwa njanji n'kuyamba kuterera, amathira mchenga patsogolo pa magudumu. Chimene chinkawasangalatsa koposa n'chakuti thiramu ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Ikafika kumathero a njira siitembenuka ayi. Kondakitala amakoka chingwe, amazungulitsa mtengo uja, woyendetsa amayenda kupita mbali inayo, ulendo n'kuyambanso. Pofika pamenepa mkuluyu ankaimirira, ngakhale mawondo atayamba kukana, kuti aonetse mmene chingwecho ankachikokera.

Sankabisa kuti mzindawo udali wa tsankho. Azungu adali ndi mathiramu awo, anthu akuda awo, ndipo munthu wakuda ankatha kuima padzuwa akuona ya azungu ikudutsa ndi mipando yopanda anthu. Mnzawo wapamtima, telala wa pamsika wa Chisenga, adawafunsapo kuti, “Achimwene, chinthu chimene chinkakusiyani pamsewu chifukwa cha khungu lanu, mumachikonderanji chotere?” Iwo adayankha kuti, “Amene ankandisiya ndi anthu, achimwene. Chitsulo chija chikadanyamula aliyense.” Yankholo silidamufike pamtima telalayo, ndipo ankalibwezabweza kwa zaka zambiri. Mwina telalayo sadalakwe kukayika, pakuti pali mabala ena amene munthu amawaphimba ndi nkhani yokoma kuti athe kuwasenza.

Mzinda wa Johannesburg udayamba ndi mathiramu okokedwa ndi akavalo mu 1891, a magetsi adabwera mu 1906, ndipo omaliza adayenda pa 18 Malichi 1961, panjira za ku Kensington, Bez Valley ndi Malvern. Tsikulo lidali Loweruka. Mkuluyu adali pa ulendo wawo wachiwiri wa ku Joni, ndipo adali pansi pa nthaka, pantchito. Atatuluka mawa lake adapeza njanji zili gonegone mumsewu, zopanda kanthu. Nkhani imeneyi ankaikamba motsitsa mawu, monga mmene munthu amakambira maliro a mbale amene adawapeza ataikidwa kale.

Atabwerera kumudzi adalima chimanga ndi mawere, adaweta mbuzi, adalera ana. Njira ya ku Joni idatsekeka mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuletsa kulemba anthu. Koma iwo adali atasiya kale maulendowo. Chimene sadasiye ndi nkhani ya thiramu, ndipo apa m'pamene adavutikira. Anthu a ku Joni adali ndi mbiri ya kukometsa nkhani. Wina ankati adadyera mbale imodzi ndi bwana wa mgodi, wina ankati kumeneko ndalama amatola pansi. Tsono sitima yoyenda pakati pa msewu, yopanda utsi, yopanda chiwongolero, idaikidwa m'nkhokwe yomweyo ya mabodza. Pamowa wina akanama mopitirira, anzake ankati, “Imeneyo ndi thiramu.” Mkuluyu ankamva, n'kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'malo mokangana, adayamba kupinda mawaya. Ana a m'dera lino amapanga galimoto za mawaya monga ana a kwina kulikonse, koma a kufupi ndi nyumba ya Agogo a Thiramu ankakoka zinthu zansanjika zokhala ndi kamtengo padenga, panjanji za mapesi a chimanga, chingwe cha khonje chitamangidwa pamwamba. Mwana akaika chiwongolero ankamubweza kuti akachotse.

Njanji ya TAZARA, imene Atchaina adamanga kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, itatha mu 1975, sitima idayamba kudutsa ku Tunduma ndi ku Nakonde, kuseri kwa malire. Mkuluyu adakakamiza telala uja kuti apite limodzi. Adayenda masiku, pena pansi pena pa lole, ndipo atafika mkuluyu sadathamangire sitima ayi. Adagwada n'kuyeza mpata wa pakati pa njanji ziwirizo ndi ndodo yawo, n'kudula chizindikiro ndi mpeni. Adati mpatawo ndi mapazi atatu ndi theka, wofanana ndi wa sitima idawanyamula kuchokera ku Francistown, ndipo adanena zoona: ndi mamilimita 1,067, muyeso womwewo wa njanji za ku South Africa, Zambia ndi Malawi. Telalayo adadandaula njira yonse yobwerera kuti adasiya makina ake sabata yathunthu kuti akaone munthu wamkulu akuyeza zitsulo. Ndodo ija idakhala nawo mpaka tsiku lomaliza.

Ubwenzi wa awiriwa udali wa pakhonde. Wina akupalasa makina, wina wakhala pa benchi akupinda waya, bawo lili pambali kudikira kuti makasitomala achepe. Telalayo sadaonepo thiramu, komabe ankatha kutchula njira zake ngati adabadwira komweko, ndipo mnzake akasokoneza dzina chifukwa cha ukalamba ndiye ankamukonza. Adali yekhayo amene sadanenepo kuti nkhaniyo ndi yabodza. Zaka zitapita, mdzukulu wina wochokera ku Mzuzu adatsegula intaneti pa foni n'kuonetsa chithunzi cha thiramu yansanjika ya ku Johannesburg, yofanana ndendende ndi za mawaya zija, n'kuwerenganso kuti ena mwa mathiramuwo amasungidwa ku James Hall Museum of Transport mumzinda womwewo. Foniyo idazungulira msika wonse. Amene ankaseka adati iwo ankadziwa kale. Mkuluyu sadanyoze munthu. Adangopempha kuti awakulitsire chithunzicho pamtengo wa padenga, n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Atamva kuti mathiramu atsopano adayamba kuyenda ku Casablanca mu 2012, ndi kuti ku Addis Ababa adatsegula sitima ya magetsi ya mumzinda mu 2015, adati azungu a ku Joni adafulumira kuzula njanji, ndipo tsikulo adagonja bawo katatu osadandaula.

Adamwalira m'mawa wina nthawi yokolola itayandikira. Adadzuka bwinobwino, adatulutsa mbuzi m'khola, adamwa tiyi, ndipo ali pa njira ya kumsika adakhala pansi pamthunzi ngati munthu wofuna kupuma. Mtsikana wochokera kumjigo ndiye adaona kuti ndodo yagwa ndipo mwini wake sakuitola. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale.

Pa mwambo wa maliro, uthenga ukafika kwa amfumu ndi kwa abale, amayi amagona m'nyumba ya siwa, amuna panja pamoto, chipepeso chikulembedwa m'kope. Tsiku loika, mmodzi wa pabanja amaimirira n'kufotokoza mmene matenda adayendera: adayamba liti, tidapita nawo kuti, adokotala adati chiyani. Mawu amenewa ali ndi ntchito yaikulu kuposa mmene achinyamata amaganizira, chifukwa ndiwo amatseka pakamwa pa anthu. Imfa yadzidzidzi imasiya malo amenewa opanda kanthu, ndipo malo opanda kanthu pamaliro sachedwa kudzadzidwa. Usiku woyamba womwewo manong'onong'o adayamba kuzungulira moto. Munthu wamphamvu chotere angagwe bwanji ngati nthochi? Kodi si masiku apitawa pamene adakangana ndi mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo, mbuzi zitadya nyemba zake? Kodi mayiyo sadanene kuti tiona? Pofika m'bandakucha, anyamata ena adali atasiya kutchula dzina la mayiyo n'kumangolozerana ndi milomo. Lamulo la mu 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma okalamba ambiri m'dziko muno aphedwa ndi kutenthedwera nyumba lamulolo lili m'mabuku.

Telala uja adali ndi chinsinsi. Zaka zingapo m'mbuyomo mnzakeyo adapezeka ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti BP. Sadafune kuti ana ake adziwe, poopa kuti amutengera ku tauni kumene akadakhala pampando tsiku lonse. Buku la kuchipatala ankalisunga m'kabati ya makina a telalayo, pansi pa zigamba, ndipo adamulumbiritsa kuti asauze munthu. Miyezi yomaliza adaleka kumwa mankhwala, ati akumva bwino, ndipo mnzake akamukumbutsa ankasintha nkhani n'kuyamba za Malvern. Tsono usiku umenewo telalayo adakhala pamoto ndi zinthu ziwiri zolemera. Akaulula, aphwanya lonjezo kwa munthu amene sangathenso kumumasula, ndipo ana a malemu amufunsa chifukwa chimene adakhalira chete bambo awo akudzipha pang'onopang'ono. Akapanda kuulula, mayi uja sagona m'nyumba mwake sabata imeneyo. Akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna, koma apa wofera kuuna akadakhala munthu wina.

Pa nthawi ya zolankhula adapempha amfumu mpata, ngakhale sadali pa mndandanda. Adaimirira chipewa chili m'manja, n'kutulutsa bukulo m'thumba la jekete. “Mafumu, azibusa, ndi inu anamfedwa, pepani. Achimwene angawa adandiletsa kunena zimene ndinene pano, ndipo ndikadzawapeza ndidzawapepesa ndekha. Adadwala zaka zambiri. Umboni ndi uwu. Mankhwala adaleka, ine ndikuona. Ngati pali wofunika kumuloza chala, ndaima pano.” Adapereka bukulo kwa mwana wamkulu wa malemu n'kukhala pansi. Mphunzitsi wina adawerenga mokweza masiku ndi manambala olembedwamo. Padakhala bata lalitali, kenako amayi a kwaya adayambitsa nyimbo.

Sizidathe bwino zonse. Mwana wamkazi wa malemu sadamulonjere telalayo kufikira adabwerera ku Lilongwe, ndipo sitingamuweruze, pakuti akadadziwa msanga mwina akadachitapo kanthu. Alipo ena mpaka lero amene amati buku ndi buku, koma zinazake zidalipo. Komabe adzukulu okumba manda, amene dzina lawo ndi lanu lomweli ngakhale ntchito n'zosiyana, atamaliza kukwirira, mayi wamasiye uja adaoneka pakati pa amayi anzake akutsuka mbale za pamaliro, ndipo palibe adamuchotsa. Usiku adagona kwake.

Ndodo ya chizindikiro ija ana adamusiyira telalayo. Pansi pa benchi padapezekanso thiramu ya mawaya yosamaliza, yokhala ndi nsanjika ndi kamtengo ka padenga koma yopanda magudumu a mbali imodzi. Zala za telalayo zidazolowera singano, waya zimaukana, choncho adaitana mnyamata wa Sitandade 6 amene ankakonda kukhala pakhondepo kuti aimalize. Mnyamatayo adabwera nayo patapita masiku awiri, magudumu onse ali m'malo, ataikanso chiwongolero chachitali cha bango kuti aziyendetsa ataimirira. Telalayo adaitembenuza uku ndi uku, adayamikira magudumuwo, n'kumutuma kuti akachotse chiwongolerocho.