Makina Otsukira Mbale

M'midzi anthu amatsuka mbale ndi manja, koma m'mahotela ndi m'nyumba zina za m'tauni muli makina amene amagwira ntchito imeneyi. Makina oyamba amene anthu adawakonda ndi kuwagula adapangidwa ndi mayi wina wa ku America, dzina lake Josephine Cochrane. Boma la dzikolo lidavomereza kuti nzeruyo ndi yake m'chaka cha 1886, ndipo mu 1893 mayiyo adakaonetsa makinawo pa chionetsero chachikulu mu mzinda wa Chicago.

Makina amagetsi otsukira mbale amawaza madzi otentha ndi sopo pa mbale. Pansi pake pali chitsulo chopindika chotchedwa elementi, chofanana ndi cha m'ketulo yamagetsi. Chimenechi chimatenthetsa madzi mpaka madigiri 60 kapena kupitirira pang'ono, kuti mafuta asungunuke. Koma elementi siidziwa polekezera. Chifukwa cha ichi m'makinamo muli mlonda wake wamng'ono wotchedwa themositati.

M'kati mwa themositati muli kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana, monga mkuwa ndi chitsulo wamba. Zikatenthedwa, mkuwa umafutukuka kwambiri kuposa chinzakecho, motero kachitsuloko kamapindika n'kudula njira ya magetsi. Madzi akazizira kamabwerera m'malo mwake, ndipo magetsi amayambanso kuyenda.

Mayi wina amene adali ndi nyumba yodyeramo alendo ku Limbe adali ndi makina akale otere. Tsiku lina mbale zidayamba kutuluka zili noninoni ndi mafuta. Mayiyo adada nkhawa, pakuti Loweruka padali phwando la ukwati, ndipo adadziwa kuti mbale zosayera bwino zingapatse alendo matenda otsekula m'mimba. Ndalama zogulira makina atsopano adalibe. Tsono adaitana mmisiri wina wokalamba wa zamagetsi, amene adabwera ndi mphwake wophunzira ntchito.

Mmisiriyo adayendetsa makinawo kanthawi, kenaka adawaimitsa n'kuviika themomita m'madzi. Idaonetsa madigiri 25 okha.

"Amalume, elementi yapsa basi. Tiichotse," adatero mnyamatayo atagwira kale sikuludiraiva.

"Taima, mphwanga," adayankha mmisiriyo. "Choyamba pita ukazimitse magetsi pa swichi yaikulu, uzulenso pulagi. Madzi ndi magetsi zikakumana zimapha munthu."

Magetsi atazimitsidwa, adatsegula chivindikiro cha pansi. Adayang'ana mawaya onse mmodzimmodzi, koma panalibe woduka kapena wopserera. Atatero mmisiri adatenga mita yake, imene imalira ikapeza kuti magetsi angathe kudutsa. Adachotsa mawaya pa elementi n'kugunditsa mita kunsonga zake ziwiri. Mita idaonetsa kuti njira ilipo.

"Waona? Elementi ili moyo," adatero. "Tikadaigula ina tikadawononga ndalama za mayiwa pachabe. Kodi tsopano chatsala n'chiyani?"

Mnyamatayo adaganiza pang'ono, nati, "Themositati, amalume. Koma tidziwa bwanji kuti yafa?"

"Themositati ya mtundu uwu ikakhala yozizira imalola magetsi kudutsa. Ino ndi yozizira. Tayesa wekha."

Mnyamata adagunditsa mita. Kudali zii! Atamasula themositatiyo adapeza kuti chinyontho chidalowamo ndipo idachita dzimbiri. Kachitsulo kaja kadakakamira, njira ya magetsi ili yoduka. Motero elementi, ngakhale idali yabwino, sinkalandira mphamvu.

Pa themositatiyo padali podindidwa nambala yosonyeza kutentha kumene imadulira magetsi. Mmisiri adauza mphwake kuti ailembe pa pepala, chifukwa ya nambala yotsika ingasiye madzi ali ofunda chabe, pamene ya nambala yokwera ingawatenthetse mopitirira muyeso. Adayenda m'masitolo angapo osaipeza, pakuti makinawo adali akale kwambiri. Pamapeto pake adaipeza kwa munthu wina wogulitsa zida zochotsedwa ku makina akufa.

Asadalipire, mmisiri adaiyesa ili yozizira ndipo mita idalira. Kenaka adakhazika msana wake pa ketulo yotentha. Posakhalitsa idamveka kuti "tha!" ndipo mita idakhala chete. Itazizira mita idaliranso. Apo mmisiri adapereka ndalama.

Lachisanu madzulo makina adayenda, madzi adafika madigiri 60, ndipo mbale zidatuluka zili mbee. Mayi uja adathokoza kwambiri. Pobwerera kwawo mnyamata adafunsa amalume ake mmene adadziwira pamene padali vuto.

"Ndidangoyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira chapafupi," adayankha mkuluyo. "Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ana asayese kutsegula chipangizo chilichonse chamagetsi. Imeneyi ndi ntchito ya amisiri ophunzitsidwa.

Mafunso
1. Kodi Josephine Cochrane adaonetsa makina ake mu mzinda uti?
2. Fotokozani mmene themositati imadulira magetsi.
3. N'chifukwa chiyani mmisiri adalamula kuti magetsi azimitsidwe poyamba?
4. Perekani tanthauzo la mwambi umene uli m'nkhaniyi.